Musawapatse Ngakhale Alire

Joni, 26 Meyi 2024

Ababa,

Assalaam alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti kuzizira kwayamba ndipo manja akumauma pochapa. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ya eni mumangoti “eya, eya” kenaka n’kubweza foniyo ndisanamalize. Kalatayi akupatsani Kalilu, wa galimoto yonyamula katundu uja.

Za kuchipatala ndamva. Amayi anandiuza zonse pafoni ya a Habiba oyandikana nawo nyumba, ngakhale inu munati asandiuze. Akuti akupezani ndi shuga, akupatsani mapiritsi, ndipo tsiku lomwelo pobwerera munaima pamsika n’kudya mandasi anayi ndi tiyi wa masupuni atatu. Ababa, zoona zimenezi? Tsiku limene ndinamva ndinaphwanya mbale ya eni chifukwa cha maganizo.

Tsono ndimvereni. Abwana anga aakazi, amene ndimawagwirira ntchito ya m’nyumba, anasiya buledi, mpunga, mbatata ndi shuga zaka zitatu zapitazo. Amati zinthu zimenezi zikangofika m’mimba zonse zimasanduka shuga. Iwo amadya nyama, nsomba, mazira, masamba, mtedza ndi mapeyala basi. Ngakhale akamapita kutchire kokagona m’matenti ndi amuna awo, pajatu anthu a kuno amalipira ndalama kuti akagone pansi ngati asodzi, wolongedza chakudya chawo ndine, ndipo ufa sanyamula ngakhale wodzaza chikhato. Amabwerako ali amphamvu, akuseka. Zaka zawo n’zofanana ndi zanu koma amathamanga ngati mtsikana.

Ndiye nanu siyani nsima, kondowole, mpunga, chinangwa ndi shuga yense. Inu muli ndi mwayi kuposa abwana anga, chifukwa nsomba imene iwo amagula modula inu mumaitola ndi manja. Chigwada chili kuseri kwa nyumba, mtedza uli m’nkhokwe. Chovuta n’chiyani?

Ndakutumizirani jekete yotentha. Mundiyankhe kudzera kwa Kalilu yemweyo, ndipo mundiuze ngati chaka chino mupitanso kumsasa.

Ndine mwana wanu,
Rukia

Mwadzama, 4 Juni 2024

Rukia mwana wanga,

Wa alaikum salaam. Jekete yafika, ndavala, ndipo amayi ako akuti ndikuoneka ngati mlonda wa kubanki. Tonse tili bwino. Mbuzi yako ija yabereka ana awiri.

Kalata yako ndawerenga kawiri. Kachiwiri ndinawerengera anzanga padoko, anaseka mpaka misozi. Munthu wogona mu tenti masiku atatu, galimoto itaima pambali, ndiye andiphunzitse kadyedwe ka kumsasa ine Fakiri, amene ndinayamba kukoka ukonde wa chilimira ndevu zisanamere? Ukawafunse abwana akowo kuti akadya mapeyala awowo amakoka chiyani.

Kumsasa tipita tikangodya Idi. Utaka kuno wasowa, koma akuti kwa Kanyenda, chakufupi ndi Dwangwa, ulipo wambiri. Tikakhala miyezi iwiri. Tilipo anthu asanu ndi anayi, kuphatikizapo ababa ako aang’ono Hamidu.

Iwe unakulira m’nyumba ya msodzi koma kumsasa sunagoneko. Kumeneko beseni ndi limodzi. Mwini boti, wopalasa, wokoka, tonse timasamba m’manja n’kuzungulira beseni lomwelo la kondowole. Munthu wodya payekha amamuyang’ana m’mbali. Amati anapita kwa sing’anga kuti alemere, anamupatsa zizimba ndi zakudya zosala, ndipo tsiku lina nyanja idzatenga mmodzi wa anzake. Ine shehe amandidziwa, mzikiti umandidziwa. Ndikalambe ndi mbiri yoteroyo chifukwa cha mapeyala?

Koma sindikubisira, mantha ndili nawo. Lachisanu ndinakaona Sulemani, mnzanga wa shuga uja. Anamudula mwendo m’munsi mwa bondo mwezi watha. Ndinamupeza atakhala pamkeka akusoka ukonde wa anthu ena. Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Pobwerera ndinayenda ndikuyang’ana mapazi anga njira yonse.

Mapiritsi ndikumwa, timapiritsi toyera ting’onoting’ono, kamodzi m’mawa kamodzi madzulo. Adokotala ananena zambiri, koma mutu wanga unali kwina ndipo ndinagwirapo ziwiri: mapiritsi osadumphitsa, shuga chepetsani. Ndachepetsa. Masupuni tsopano ndi awiri.

Uzipemphera, ndipo uzivala zotentha.

Ababa ako,
Fakiri

Joni, 12 Juni 2024

Ababa aang’ono,

Assalaam alaikum. Muli bwanji ndi msana wanu uja? Paenvelopu ndalemba dzina lanu dala. Kalata iyi ndi yanu.

Yankho la ababa mwina mwalimva, poti anakaliwerengera doko lonse. Ine sindinaseke. Ndinalira m’chimbudzi cha eni kuti abwana asandione. Mukudziwa kuti mapepala anga kuno anatha kalekale, ndipo ndikangotuluka sindidzalowanso. Choncho sindingabwere kudzawalonda ndekha. Inu ndi amene munkandinyamula paphewa popita kumadrasa, ndipo mumati Allah sanakupatseni mwana chifukwa anakupatsani kale ine. Lero mwana wanuyo akupempha kuti mukhale maso ake.

Ndikudziwa kuti kumsasa wosunga ufa ndi shuga ndinu. Muziwaphikira padera. M’mawa tiyi wopanda shuga, ndi mazira ngati apezeka, apo ayi nsomba yootcha. Masana utaka ndi chigwada chotendera kapena therere. Madzulo chimodzimodzi. Akamva njala pakatikati muziwapatsa mtedza wokazinga. Kondowole asakhudze ngakhale kambamu kamodzi. Mapiritsi asadumphitse, muziima pomwepo mpaka ameze.

Abwana akuti masiku oyamba thupi limalira. Munthu amafooka, mutu umawawa, amakwiya ndi aliyense, ngati wosuta amene wasiya fodya. Akuti zikatero ndiye kuti zikuyenda. Ababa mumawadziwa kuposa ine. Adzayamba ndi nthabwala, kenaka adzanyengerera, zikakanika adzakukumbutsani kuti wamkulu ndi iwo. Musawapatse ngakhale alire. Ndikufuna mundilonjeze zimenezi pamaso pa Allah.

Za zizimbazo, muwauze anzanuwo poyera kuti ndi matenda. Anthu adzanena, adzatopa. Mwendo ukadulidwa sumeranso.

Ndine mwana wanu,
Rukia

Kumsasa, kwa Kanyenda, 30 Juni 2024

Mwana wanga Rukia,

Wa alaikum salaam. Ine ndili bwino, msana ukupirira. Tinafika kuno patapita masiku awiri chidyereni Idi. Utaka ulipo, Alhamdulillah. Tamanga zisakasa zitatu pamchenga, kumbuyo kwathu kuli minda ya nzimbe mpaka kumsewu. Foni yanga inagwera m’madzi tsiku lachiwiri ndipo inafa, choncho usavutike kuimba. Makalata ndizikapereka ndi kutenga kwa Kalilu akamadutsa pa Dwangwa.

Chimene unapempha ndalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndili mumzikiti. Achimwene poyamba anakana. Koma chala chawo chakuphazi chinachekeka ndi chigoba cha nkhono, ndipo bala linatenga masiku osauma. Ndinangowawerengera mawu ako aja akuti mwendo sumeranso. Pamenepo anati, “Phika zako zapaderazo.”

Anzathu ndinawafotokozera. Ena anamva, ena amangoyang’anana. Chiukepo, bambo wa kumpoto amene amationetsa pamene pali nsomba, ndiye wovuta. Tsiku lililonse amati, “Adada, munthu wakukhala wuli kwambura sima? Mumupha mkulu uyu ndi njala.” Ndinamuuza kuti mwana wathu amakhala ndi anthu ophunzira, zimene akunena anaziona ndi maso.

Zonse zikuyenda monga unanenera. Afooka, akukwiya msanga, makamaka dzuwa likamayandikira paliwombo tikamachokera kunyanja. Manja akumanjenjemera. Thukuta likumatuluka ngakhale mwera ukuwomba enafe titavala majekete. Ine ndikuganiza kuti ndi shuga amene akutuluka m’thupi.

Chimodzi sindikubisira. Lachitatu ndinawapeza kuseri kwa chisakasa, dzanja lili m’chitini cha shuga, akunyambita ngati mwana. Ndinawalanda. Anakhala pansi, ndipo patangopita kanthawi kochepa anayamba kuseka ndi kucheza ngati si iwo amene amanjenjemera. Pamenepo ndinatsimikiza kuti abwana ako ananena zoona, ndi chilakolako ngati cha fodya. Tsopano chitini ndimachitsekera m’bokosi langa, kiyi ndimavala m’khosi. Amayi ogulitsa nzimbe padoko ndawauzanso kuti asawagulitse.

Mapiritsi sanadumphitsepo ngakhale tsiku limodzi. Zimandiwawa kuwachitira zimenezi akulu anga, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Iwonso alemba kakalata, ndakaika momwemu.

Ababa ako aang’ono,
Hamidu

Rukia,

Ukhululuke zilembo zokhotakhota, dzanja silikumvera.

Wapolisi wako akugwira ntchito bwino, umukweze pantchito. Ine ndikumvera. Bala lakuphazi lauma, ndiye mwina abwana akowo si opusa monga ndinkaganizira.

Koma mwana wanga, njala imene ndikumva si njala imene ndimaidziwa. Ndasala Ramadani zaka makumi anayi, njala ndi mnzanga. Iyi ndi ina. Imabwera mwadzidzidzi, mtima umagunda ngati ndathamanga, maso amachita mdima, ndipo nthawi zina ndimaiwala dzina la munthu amene ndakhala naye m’boti zaka khumi. Nsomba ndikadya ngakhale zingati, siichoka.

Chondiwawa china ndi kudya ndekha. Anzanga akazungulira beseni ine ndimatenga kambale kanga n’kukakhala pabwato lakale lobooka, nditawafulatira kuti ndisaone. Ndimamva akuseka. Sindikudziwa ngati amaseka ine, koma kale woyambitsa nthabwala pabeseni ndinali ine.

Ndikupempha chinthu chimodzi, ine bambo wako kupempha kwa iwe. Undilole kambamu kamodzi ka kondowole m’mawa tisanalowe m’madzi. Kamodzi kokha. Hamidu akuti popanda mawu ako sangandipatse. Ulembe kuti walola.

Fakiri

Joni, 8 Julayi 2024

Ababa ndi ababa aang’ono,

Assalaam alaikum nonse awiri. Makalata anu andisangalatsa. Bala lauma! Ndinawauza abwana ndipo anandiombera m’manja.

Ababa, kalata yanu yandiliza, koma sindilola. Kambamu kamodzi lero, mawa tiwiri, mkuja mwabwerera pabeseni. Mwayenda kale mtunda wautali, musabwerere pakhomo penipeni. Abwana akuti kufookako kumatha pakapita milungu itatu kapena inayi. Pirirani pang’ono. Ndikufuna tsiku limene ndidzabwere mudzandichingamire pamsewu ndi miyendo yanu iwiri.

Ababa aang’ono, Allah akulipireni. Kiyi ikhalebe m’khosi. A Chiukepowo muwauze kuti nsomba ndiye amazidziwa, za matenda asiyire ena.

Ndine mwana wanu,
Rukia

Joni, 11 Julayi 2024

Ababa aang’ono,

Werengani msanga, moni ndipereka pambuyo. Ndinalakwitsa. Zonse zija ndinalakwitsa.

Lero ndinakumana ndi mayi Lusungu, namwino wa kwathu ku Malawi amene amagwira ntchito pachipatala china kuno. Ndinawaonetsa makalata anu monyada. Atafika pa thukuta ndi kunjenjemera anandigwira mkono n’kufunsa kuti, “Mapiritsi akumwabe?” Nditati eya, anandikalipira pamsewu anthu akuona.

Akuti mapiritsi ena a shuga amatsitsa shuga m’magazi kaya munthu wadya kaya sanadye. Munthu womwa mapiritsi amenewo akasiyiratu nsima, n’kumagwiranso ntchito yolemetsa, shuga amatsika kupitirira muyezo. Thukuta lija, kunjenjemera, mdima m’maso, kuiwala maina, si shuga akutuluka ayi. Ndi shuga watha. Akuti zimenezi zimapha tsiku limodzi, msanga kuposa shuga wokwera. Tsiku lija anaseka atanyambita m’chitini chifukwa anadzipulumutsa okha. Abwana anga alibe matenda a shuga, samwa piritsi lililonse, amangofuna kuwonda. Ine sindinaganizepo zimenezo.

Chonde chitani izi. Akangoyamba thukuta, sungunulani masupuni atatu a shuga m’madzi amwe pomwepo, kenaka adye. Nzimbe, sobo, tiyi, chilichonse chotsekemera. M’mawa azidya kondowole asanalowe m’madzi. Ndipo tsiku lomwe mulandire kalatayi mupite nawo kuchipatala akaonenso mapiritsiwo. Lonjezo lija ndalimasula. Tsegulani bokosi.

Ndaimbira a Habiba kakhumi, mwana wawo akuti ali ku Salima kumaliro ndipo foni anasiya. Kalilu ananyamuka kale ndi kalata ija ya pa 8, ndipo foni yake siikupezeka. Iyi ndapatsira dalaivala wina amene akunyamuka mawa, walonjeza kuti aifikitsa. Ya Allah, ifike msanga.

Rukia

Mwadzama, 22 Julayi 2024

Mwana wanga Rukia,

Inna lillahi wa inna ilaihi raji’un. Uthenga unaumva pafoni ya shehe, koma tsiku lija unangolira. Ndiye ndati ndikulembere zonse mwadongosolo, kuti usamve za m’maluwa. Tinawaika Lachisanu itatha swala ya Ijuma. Anthu anabwera ambiri. Sulemani anamunyamula panjinga kuti adzaone jeneza.

Kalata yako ya pa 8 inafika pa 14. Ndinawawerengera. Anangoti, “Mwana wakana,” ndipo sanapemphenso mpaka tsiku lomaliza.

Lachinayi pa 18 anadzuka bwinobwino. Anamwa piritsi ine ndikuona, ndi tiyi wopanda shuga. Nsomba anangodya pang’ono, amati yawakola. Tinalowa m’madzi dzuwa likutuluka. Cha m’ma 9 mwera unakula, injini inazima, ndipo tinapalasa ndi nkhafi maola atatu. Achimwene anapalasa nawo, ukudziwa kuti sankalola kukhala manja lende anzawo akuvutika.

Titafika padoko anatsika n’kugwada pamchenga. Malaya anali atanyowa ngati agwera m’madzi. Anandiyang’ana n’kunditchula dzina la malemu bambo athu. Kenaka nzeru zinabwerera pang’ono, anandigwira mwendo nati, “Hamidu, m’bale wanga, supuni imodzi yokha. Ndikupita ine.” Ndinati, “Achimwene, pirirani, zitha ngati masiku onse.” Analira, Rukia. Chibadwire sindinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a amayi athu. Ine ndinagwira kiyi m’khosi n’kumakumbukira mawu ako.

Chiukepo anathamangira kuchisakasa chake. Iye amasunga kashuga kake m’pepala. Anabwera ndi kapu ya tiyi n’kugwada kuti awamwetse. Kapu inali itafika kale pamlomo. Ndinaimenya ndi dzanja, inagwera uko, mchenga unamwa tiyi yense. Chiukepo anandigwira pakhosi akukuwa m’chinenero chakwawo, mpaka anzathu anatileretsa. Ndinamuuza kuti m’bale wanga sindingamuphe ndi shuga ine ndikuona.

Tinawagoneka m’chisakasa. Anasiya kulira, anagona, anayamba kuliza mkonono. Ndinathokoza Allah kuti apumula. Ndinawafunditsa n’kupita kukayanika nsomba. Nthawi ya swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, ndinapita kukawadzutsa, osadzuka. Tinawathira madzi, osadzuka. Tinawanyamula pamachira a nkhafi ndi ukonde kudutsa m’minda ya nzimbe kuti tikapeze galimoto kumsewu. Tisanafike kumsewu mkonono unaleka.

Tsono pali chimene ndikufuna udziwe kuti mtima wako ukhale pansi. Powavula jekete ndinapeza m’thumba tizidutswa ta nzimbe totafunatafuna, touma. Ndiye kuti ankadya mobisa ine ndikayang’ana kumbali, shuga n’kumakwera osadziwika. Ndi zimene zawatenga. Iwe unachita mbali yako, ine ndinachita yanga. Anapempha, analira, sindinawapatse. Pamenepo pokha ndiye ndikupezapo mtendere.

Amayi ako akubindikira m’nyumba monga mwa mwambo wa anamfedwa, akupirira. Akuti usadzivute ndi zobwera, amamvetsa za mapepala.

Ababa ako aang’ono,
Hamidu

Joni, 30 Julayi 2024

Ababa aang’ono,

Assalaam alaikum. Kalata yanu ndalandira. Ndayesa kuyankha kanayi, mapepala onse ndang’amba. Kuntchito sindinapite masiku atatu.

Inu mulibe mlandu. Mumve bwino, mulibe mlandu ngakhale pang’ono. Munawakonda ababa kuposa aliyense, ndipo munachita chimene mwana wanu anakupemphani. Allah akudziwa mtima wanu.

Ndili ndi pempho limodzi. Pali kalata ina imene ndinalemba pa 11 Julayi, ndinapatsira dalaivala wina. Ndikuona kuti siinafike, ndipo ndikupemphera kuti inatayika. Ngati ingadzafike, musaitsegule. Muiponye pamoto momwemo. Muli mawu opita kwa ababa ali moyo, angokupwetekani mtima. Chonde, ababa aang’ono, musaitsegule.

Amayi muwauze kuti ndikuwakumbuka ola lililonse.

Ndine mwana wanu,
Rukia

Mwadzama, 8 Ogasiti 2024

Rukia,

Wa alaikum salaam. Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Galimoto ya dalaivala uja inagwidwa pachipata cha m’malire milungu itatu chifukwa cha katundu wa eni, ndipo itamasulidwa anakapatsira Kalilu kalatayo ku Lilongwe. Kalilu anabwera nawo onse m’thumba limodzi.

Amayi ako ukudziwa kuti sawerenga. Anandiitana pakhomo pa chipinda chawo kuti ndiwawerengere. Panja pa maenvelopu unalemba masiku, ndiye ndinayamba ndi yakale, monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinawerenga mokweza mawu oyamba okha, akuti ndiwerenge msanga. Maso anathamangira kutsogolo mpaka pamene namwino uja anakugwira mkono, pakamwa panaima. Amayi ako anafunsa kuti, “Bwanji alamu, walemba zoipa?” Ndinati ayi, akudandaula za kuzizira. Kenaka ndinatsegula yachiwiri, yonena kuti yoyambayo ndisaitsegule.

Ndaiwerenga kosawerengeka. Masupuni atatu. M’bokosi munali mapaketi awiri osatsegula. Tinawanyamula kudutsa pakati pa nzimbe, masamba ake akutikwapula kumaso. Ndipo tiyi anali atafika pamlomo, mwana wanga. Ndinaona mlomo wawo ukutseguka.

Dzulo ndinakwera galimoto mpaka kumsasa kukamupeza Chiukepo. Ndinamuwerengera kalata yonse. Sanandikalipire. Anangoti, “Adada, ine sukulu sindinapite, ndinangoona munthu akufa.” Kenaka anandipatsa madzi osamba m’manja kuti ndidye nawo pabeseni. Ndinalephera.

Iwe sindikukuimba mlandu. Unali kutali, unachita mantha ndi mwendo, unafunsa kwa amene unali nawo pafupi. Amene anali pomwepo ndi maso awiri ndine. Ndinaona munthu akuchira atanyambita shuga ndipo ndinagula loko. Kapu ndinagwetsa ndine.

Chikundisowetsa mtendere tsopano ndi ichi. Amayi ako tsiku lililonse amandithokoza. Aliyense wobwera kudzapepesa amamuuza kuti, “Alamu anga anawasamalira amuna anga mpaka mapeto, koma eni ake ankaba nzimbe.” Mudzi wonse ukudziwa kuti Fakiri anadzipha yekha ndi dyera, ndipo amene anayambitsa mawu amenewo ndine. Sulemani naye akumwa timapiritsi tomwe tija, ndipo mkazi wake wabwera kawiri kudzandifunsa kuti ndimuphunzitse kaphikidwe kako, kuti mwendo wotsalawo upulumuke. Ndamuuza kuti asasinthe kanthu asanapite kuchipatala, koma chifukwa chake sindinamuuze.

Sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi, ili pa 27 mwezi uno. Abale agwirizana kuti ine, poti ndinalipo, ndidzaimirire ndifotokozere anthu mmene achimwene anatisiyira. Amayi ako adzakhala akumva kuseri kwa chitseko. Ndikanena zoona, dzina la ababa ako liyera, koma amayi ako adziwa chimene mwana wawo analemba ndi chimene mlamu wawo anachita. Ndikakhala chete, iwe ndi ine tisenza chinsinsichi awiriwiri mpaka kumanda, ndipo achimwene akhalabe wakuba nzimbe.

Kalilu anyamuka kumeneko pa 17. Undilembere chimene ndikanene. Ulembe mosamala, mwana wanga, uyambe wafunsa kwa odziwa, chifukwa chimene ulembecho ndikachita. Ukudziwa kale kuti mawu ako ine ndimasunga.

Ababa ako aang’ono,
Hamidu